Pepala la msuweni wanga ndi nkhumba za ku Petauke

Ngati muli ndi bundle yotsalako, tsegulani Google Scholar pa foni mulembe mawu awa: Petauke Taenia solium. Muona kuti boma lathu lino, limene anzathu ambiri a ku Lusaka amangolidziwa ngati potsikira basi pa ulendo wa ku Chipata, linalowa kale m'mapepala a sayansi amene munthu wa ku Peru kapena ku Vietnam angawerenge lero lomwe. Chimene chinatilowetsamo si nshawa zathu, si mwambo wa Tuwimba, koma nkhumba ndi zimbudzi.

Taenia solium ndi dzina limene asayansi anapatsa njoka ya m'mimba ija yaitali ngati lamba, imene imayenda pakati pa munthu ndi nkhumba. Timatuza toyera timene mumaona mu nyama ya nkhumba, ena amati masese ena amati nsembe, ndi ana ake. Mukadya nyama yotere isanapse bwino, njoka imakulira m'matumbo mwanu, mazira ake n'kumatuluka mukapita kuthengo. Nkhumba yoyendayenda ikadya zimene mwasiya imagwidwa masese, nkhani n'kuyambiranso. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu naye akameza mazirawo, kudzera m'manja osasamba, madzi kapena ndiwo zamasamba, timatuza tija tingakhazikike mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. A WHO amati kumene njokayi ndi yofala, pafupifupi 30 mwa odwala khunyu 100 alionse gwero lake ndi limeneli. Kumbukirani mmene kwathu kuno timathamangira kutchula ufiti mwana akayamba kugwa.

Mu 2012, journal yotchedwa PLOS Neglected Tropical Diseases inatulutsa pepala la a Kabemba Mwape a pa University of Zambia ndi anzawo, ena mwa iwo a ku Institute of Tropical Medicine ku Antwerp. Anapima anthu opitirira 700 a m'midzi yozungulira kiliniki ya Kakwiya kuno ku Petauke, n'kupeza kuti pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi njokayi m'mimba. Mu 2015 journal yomweyo inatulutsa pepala lina, lotsogoleredwa ndi a Séverine Thys, lofunsa funso losavuta: n'chifukwa chiyani anthu sagwiritsa nchito zimbudzi? Iwo sanatenge magazi a munthu. Anangokhala pansi ndi amuna paokha, akazi paokha, ana paokha, magulu 21 m'midzi 7, n'kumvetsera. Mwa zina anapeza kuti nchito yokumba chimbudzi ndi ya mwamuna, koma mwamuna yemweyo ndiye amakonda kuthengo, chifukwa cha manyazi oonedwa ndi apongozi kapena ana ake aakulu akulowa m'chimbudzi.

Tsiku limene ndinawerenga zimenezi ndinaseka ndekha mu studio. Mkamwini aliyense wa Chinsenga akanakuuzani zimenezi osatchaja ngwee. Koma kuseka kutatha ndinaona kusiyana kwake. Zimene amadziwa mkamwini zimathera pa nsolo. Zikalembedwa, n'kuunikidwa ndi akatswiri ena, n'kusindikizidwa, munthu wokonza pulogalamu ya zimbudzi ku unduna kapena ku bungwe lakunja angaziloze n'kunena kuti tisamangowerenga maenje, tiganizenso za chitseko ndi kumene chimbudzi chayang'ana. Ndinaonanso zaka zake: kukambirana ndi anthu kunachitika mu 2010, pepala linatuluka mu 2015. Panthawiyo sindinamvetse chimene chimadya zaka zonsezi. Tsopano ndikumvetsako, chifukwa cha msuweni wanga.

Msuweni wangayu amagwira nchito ya zaumoyo wa m'midzi, aja amene amayendera zitsime, misika ndi malo ophera nyama. Digiri yake anaichita akugwira nchito, ndipo kafukufuku wake anali wa anthu ogulitsa nyama ya nkhumba: amachita chiyani akapeza masese m'nyama imene agula kale ndi ndalama zawo? Atamaliza, aphunzitsi amene ankamuyang'anira anamuuza kuti nchito iyi isathere pa shelefu, aisandutse pepala la mu journal. Iye anabwera kwa ine chifukwa chimodzi chabe. Ine ndimathandiza pa wailesi ya m'dera lathu, ndipo nchito yomvetsera mawu ojambulidwa ndi kuwalemba ndinaizolowera. "Iwe makutu uli nawo ngakhale nzeru zinakuthawa," anatero. Ndi msuweni, ndinangomuyankha kuti agule shuga ndi ma bundle.

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti pepala limayamba munthu usanafunse funso ngakhale limodzi. Kuno ku Zambia kafukufuku wokhudza umoyo wa anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti anthu ofunsidwa satengeredwa ku mtoso, monga UNZABREC ya pa University of Zambia, kenaka ndi National Health Research Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Amapatsa kalata yokhala ndi nambala, ndipo journal yeniyeni imafuna nambala imeneyo ilembedwe m'pepala. Ukapanda kukhala nayo, ngakhale utapeza zinthu za golide, chitseko n'chotseka, ndipo sungabwerere kukaipempha nchito itatha. Msuweni anali nayo kalatayo, pamodzi ndi mafomu onse amene ofunsidwa anasainapo kapena kudinda chala. Ankawasunga m'sutikesi yokhoma pansi pa bedi, pamodzi ndi satifiketi yake ya Grade 12.

Nchito yanga inali kumasulira. Apa mpamene ndinatuluka thukuta. Pa wailesi ndikamasulira, ndimafuna mawu okoma amene amvekere mayi ali pa mbaula. M'pepala la sayansi amafuna mawu amene munthuyo ananena, osawonjezera mchere. Wogulitsa wina anati nyama ya masese "imapita kwa anyamata a pa mowa." Mu Chizungu mungalembe kuti amaigulitsa motchipa pa malo omwera, koma mwataya kanthu. Mwataya kuseka kumene kunali m'mawu ake, ndi ganizo lakuti munthu woledzera safunsa. Wina anati "nkhumba ndi banki," ndipo onse a m'gulu anavomera. Tinakangana usiku wonse ngati tilembe kuti nkhumba ndi chuma chosungira kapena tisiye mawu akuti banki momwemo. Tinawasiya, chifukwa ndi amene amafotokoza chifukwa chake munthu sangataye nyama yonse m'dzenje pamene fizi ya mwana ili m'menemo. Mayina onse tinachotsa, ngakhale a misika, chifukwa ku Petauke mukangoti bambo wamtali wogulitsa pafupi ndi chigayo, tonse tamudziwa.

Kenaka kudula. Buku lake la digiri linali lonenepa, koma journal imapereka malire a mawu, ndipo kamangidwe kake n'kodziwika: mawu oyamba ofotokoza chimene chikudziwika kale ndi mpata umene watsala, njira imene unatsata, zimene unapeza, ndi kukambirana tanthauzo lake. Pamwamba pamakhala abstract, kandime kachidule kamene anthu ambiri amawerenga kokhako. Ine wa pa wailesi ndinazolowera kusunga nkhani yokoma kumapeto kuti womvera asasinthe siteshoni. Kuno n'zosiyana, umaulula zonse pakhomo. Mbali ya njira ndiyo inandidabwitsa. Amafuna kudziwa kuti unasankha bwanji anthu, anakana ndi angati, munakambirana m'chilankhulo chanji, anamasulira ndani, ngakhale ngati wofunsayo ankadziwana ndi ofunsidwa. Pali mndandanda wotchedwa COREQ wa mafunso 32 umene ofufuza a mtundu uwu amadziyesera. Funso la kudziwana lija linamuvuta msuweni, chifukwa iye ndi yemwe masiku ena amalanda nyama yoipa pamsika. Kodi wogulitsa angamuuze zoona munthu amene mawa angamulande nyama? Aphunzitsi ake anati asabise, alembe poyera kuti ichi ndi chofooka cha kafukufukuyu ndi zimene anachita pochichepetsa. Ine ndinaona ngati kudziwotcha wekha, koma m'dziko limenelo wobisa chofooka ndiye amakayikiridwa.

Kusankha kotumiza ndi nkhani ina imene achinyamata amene muli ku makoleji muyenera kuimva bwino. Msuweni anayamba kulandira maimelo aulemu kwambiri, omutchula Professor pamene digiri yake inali isanaume inki. Ankalonjeza kusindikiza pepala m'masiku ochepa, bola atumize madola. Amenewa ndi ma journal achinyengo. Amatenga ndalama, pepala amaliika pa intaneti popanda woliunika, ndipo likangotuluka kumeneko journal yeniyeni silingalilandirenso chifukwa limatengedwa kuti linasindikizidwa kale. Woyang'anira laibulale wina wa ku America, Jeffrey Beall, ankasunga mndandanda wa otere mpaka anauchotsa mu 2017. Masiku ano anthu amayang'ana ngati journal ili mu DOAJ, mu PubMed, kapena mu African Journals Online, kumene mungapezenso Medical Journal of Zambia ndi Malawi Medical Journal. Chizindikiro chosavuta ndi changu chawo. Munthu amene akukuthamangira ndi kukutamanda asanawerenge chimene walemba, akufuna thumba lako.

Koma ndalama zilipo ngakhale ku ma journal enieni. Ambiri amene aliyense angawerenge mwaulere amalipiritsa wolemba, ndipo mtengo wake umatha kupitirira madola 2,000. Sinthani nokha mu kwacha muone ngati wa nchito ya m'boma angaukwanitse. Mwayi wake ndi wakuti Zambia ili pa mndandanda wa Research4Life wa maiko osauka, ndipo osindikiza ambiri amachotsa kapena kuchepetsa mtengowo ngati olemba ali ochokera m'maiko amenewa. Chofunika ndi kuwerenga malamulo awo ndi kupempha potumiza pepala, osati litavomerezedwa kale. Ine ndinamukakamiza kuti asankhe journal yowerengedwa mwaulere, ndipo chifukwa changa chinali chaumbombo. Mapepala a Kakwiya aja ndinawawerenga pa foni yanga chifukwa ndi aulere. Akanakhala otsekeredwa, munthu wa ku Petauke sakanatha kuwerenga zimene zinalembedwa za Petauke.

Panabwera nkhani ya mayina, imene imaswa maubwenzi. Ndani akhale wolemba? Akonzi a ma journal a zaumoyo ali ndi komiti yawo, ICMJE, imene inaika mfundo zinayi: uthandize kwenikweni pokonza kafukufuku kapena potolera ndi kusanthula zopezeka, ulembeko kapena kukonza mozama, uvomereze pepala lomaliza, ndipo ukhale wokonzeka kuyankha likafunsidwa. Zonse zinayi, osati imodzi. Panali bwana wina amene anangopereka galimoto tsiku limodzi koma ankayembekeza kuona dzina lake. Msuweni anavutika masabata angapo kufunafuna njira yowakanira mwaulemu, ndipo anapulumuka powaonetsa mfundo zija n'kunena kuti, "Bwana, si ine, ndi malamulo a anthu a journal." Ine dzina langa lili kumapeto, pa mbali yothokoza, ndipo anachita kundipempha chilolezo cholilembapo. Sindidandaula, pakuti mfundo yachinayi sindingaikwanitse. Koma ndili ndi maganizo anga. Munthu womasulira sanyamula mawu ngati njerwa. Amasankha, ndipo kusankhako kumalowa m'zimene dziko lidzawerenga. Mukamawerenga mapepala olembedwa za midzi yathu, tsikirani pansi pa mbali yothokoza, muone anthu a kwathu amene anayenda pa njinga, kugogoda pa makomo ndi kumasulira.

Tsiku lotumiza linali lotopetsa kuposa mmene ndinkaganizira. Sumangoponya pepala pa imelo. Umatsegula akaunti pa webusaiti ya journal, umalembetsa nambala ya ORCID imene imakusiyanitsa ndi a Phiri ndi a Banda ena onse a padziko, umalemba kalata yaifupi kwa mkonzi yonena chimene chili chatsopano ndi kulumbira kuti pepalali silinatumizidwe kwina panthawi yomweyo. Matebulo paokha, mndandanda wa mabuku m'kalembedwe kamene iwo akufuna, mizere yonse yokhala ndi manambala. Pulogalamu yaulere ya Zotero inatipulumutsa pa mabuku. Malaiti anapita tili pakati, laptop inali ndi batire ya mphindi zochepa, ndipo tinamalizira pa shopu ya mnzathu wokhala ndi sola, pakati pa mafoni a anthu otchajitsa.

Patapita masiku ochepa yankho linabwera. Mkonzi anakana osatumiza n'komwe kwa ounika. Kalata yake inali ya mizere yochepa: nkhaniyi ndi ya dera laling'ono, siikugwirizana ndi owerenga athu. Msuweni sanadye usiku umenewo. Mawu akuti dera laling'ono anandipweteka ine kuposa iye, chifukwa deralo ndi kwathu, ndipo mwana wogwa khunyu sagwa pang'ono chifukwa mudzi wake ndi waung'ono. Aphunzitsi ake sanagwedezeke. Anati kukanidwa kotere n'kwa tsiku ndi tsiku, ngakhale iwo kumawachitikira, ndipo ubwino wake ndi wakuti kwabwera msanga. Anamuuza akonze mawu oyamba kuti aonetse kuti vuto la ogulitsa nyama a kuno ndi lomwelo la ku Katete, ku Tete ndi kulikonse kumene nkhumba zimayenda momasuka, kenaka atumize kwina.

Journal yachiwiri inakhala chete miyezi ingapo. Ounika salipidwa, ndi akatswiri amene amawerenga usiku atamaliza nchito zawo, ndipo mkonzi amavutika kuwapeza. Yankho litabwera linali lakuti akonze zambiri ndi kutumizanso. Msuweni anaona ngati wakanidwanso, koma aphunzitsi anamuimbira foni akuseka kuti, "Mwana wanga, chitseko chatseguka, lowa." Ounika anali awiri, osatchulidwa mayina. Woyamba anali wachifundo, ankaloza pofooka ndi kunena mmene pangakonzedwere. Wachiwiri anali ngati nduna yoweruza mlandu wa ng'ombe. Anafunsa chifukwa chake sanafunse ogula, anafunsa mmene anadziwira kuti wafunsa anthu okwanira, ndipo anafunsa ngati munthu wina anabweza mawu omasuliridwa kuchoka mu Chizungu kupita mu Chinsenga kuti aone ngati tanthauzo silinasochere.

Funso lomalizali linali kuloza nchito yanga, ndipo ndinalikonda. Ndi munthu yekhayo pa ulendo wonsewu amene anatenga kumasulira ngati chinthu chofunika kuchiyesa. Tinapeza mphunzitsi wina wopuma nchito wa ku Nyimba, tinamupatsa mbali zina mu Chizungu osamuonetsa zoyambirira, iye n'kuzibweza mu Chinsenga. Zambiri zinagwirizana. Pa mawu amodzi tinasiyana, ndipo tinakhala pansi atatu mpaka tinamvana kuti mawu a Chinsenga alembedwe momwemo m'pepala, tanthauzo lake lifotokozedwe pambali. Ndiye kuti likadzatuluka, padzakhala mawu a kwathu amene wasayansi wa ku Belgium adzayenera kuyesa kutchula.

Kuyankha ounika nako kuli ndi mwambo wake. Umalemba kalata yotenga ndemanga iliyonse payokha: mwanena chakuti, tachita chakuti, onani tsamba lakuti mzere wakuti. Umathokoza ngakhale pamene mtima ukuwawa. Koma sukakamizidwa kuvomera zonse. Pa nkhani ya ogula, msuweni anayankha mwaulemu kuti funso lake linali la ogulitsa, chilolezo chimene anapatsidwa chinali cha ogulitsa, ndipo ogula ndi kafukufuku wina amene akufunikadi. Ndinamuona akulemba chiganizo chimenecho kasanu, kuchotsa ukali pang'onopang'ono mpaka chinatsala choyera. Ife Ansenga tili ndi mwayi pamenepa, tinakula tikuphunzira kukana mkulu popanda kumuyang'ana m'maso.

Pepala lokonzedwa linabwerera, ndipo pamene ndikulemba pano likadali m'manja mwa ounika. Msuweni amatsegula webusaiti ija m'mawa uliwonse asanasambe. Ndinamupempha abwere pa pulogalamu yathu ya zaumoyo adzakambe zimene anapeza, koma anakana. Anati zisanavomerezedwe zingasinthe, ndipo akufuna kuti oyamba kumva akhale ogulitsa nyama amene anamupatsa nthawi yawo, pamsonkhano wawo, osati pa wailesi. Ndinakwiya pang'ono, chifukwa ine nkhani ikapsa ndimafuna kuipakula, koma mfundo yake yachiwiri sindinathe kuitsutsa.

M'malo mwake ndinatenga pepala la mu 2015 lija, limene linatuluka kale, n'kulifotokoza mu Chinsenga kwa mphindi khumi, kenaka tinatsegula mafoni. Sindinaonepo foni ya mu studio ikulira motero pa nkhani ya zaumoyo. Bambo wina anati azungu atinamizira, iye amalowa m'chimbudzi masana apongozi ali pakhonde. Mkazi wina anaimba pambuyo pake n'kunena kuti bamboyo amudziwa ndi mawu, anene zoona. Mnyamata wina wogulitsa nyama yowotcha anafunsa ngati mchere wambiri ndi kachasu zimapha masese, ndipo namwino amene tinali naye anamuyankha kuti asadalire zimenezo, nyama yoonekera masese isadyedwe, ndipo ina yonse ipse mpaka mkati. Womaliza anali mayi wachikulire wa kufupi ndi Kakwiya. Anati akukumbukira anthu amene anabwera kudzakamba za zimbudzi ndi nkhumba zaka zambiri zapitazo, ndipo anafunsa ngati bukulo lingapezeke kuti mdzukulu wake amuwerengere. Ndinamuuza kuti lili mu Chizungu, masamba ake ndi ambiri ndithu, koma ndidzalisindikiza pa Boma ndi kulipatsira kondakitala wa galimoto ya kumeneko Lachisanu.